Mchenga wa mu thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere musamangotapa paliponse

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanuyi ndinenepo za mchenga, uja timayala pansi pa thanki ya galasi yosungiramo nsomba za m'nyanja yamchere. Ine ndine Mmalawi, ndimakhala ku Durban kuno ku Joni, ntchito yanga ndi yosamalira ma thanki a nsomba mmanyumba mwa anthu, mma ofesi ndi mmalo odyera. Masiku ano abale akumudzi akumandifunsa pa WhatsApp, ena ali ndi ma loji, ena angoona pa Facebook tinsomba tofiirira ta mizere yoyera tija totchedwa clownfish nde mtima wagwa pompo akufuna atatiyika pa balaza. Amafunsa za galasi, za magetsi owunikira, za mtengo wa nsomba, koma za mchenga safunsa nkomwe, amangoti aa umenewo tikatapa ku Senga Bay kapena tiguleko wilibala imodzi kwa anyamata okumba mu mtsinje wa Lilongwe. Zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa nsomba zimenezi zimachokera kutali, zina zimachita kugwidwa m'nyanja momwe, zimayenda pa ndege mu jumbo ya madzi, nde zikafere pa balaza la munthu chifukwa cha mchenga basi?

Madzi a nyanja yathu ya Malawi alibe mchere. Madzi a nyanja yaikulu ali ndi mchere pafupifupi magalamu 35 mu lita imodzi ndipo pH yake, muyeso woonetsa ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena ayi, imakhala cha mma 8.1 mpaka 8.3, madzi amenewa amadya chitsulo mwachangu, aliyense amene anakhalapo mphepete mwa nyanja kuno akudziwa mmene ma geti ndi ma bagalabazi amachitira dzimbiri. Tsono mchenga wa mmitsinje yathu ndi kunyanja kwathu wambiri ndi miyala ya quartz yonyenyeka, yosakanikirana ndi dothi komanso timbewu takuda ta zitsulo. Ku Chipoka ndi ku Makanjira mchenga wakuda uja makampani a migodi amaufuna chifukwa muli ilmenite, mmene amatengamo titanium, chimodzimodzi kuno ku Richards Bay anayamba kalekale kukumba milu ya mchenga pofuna zomwezo. Tengani maginito muyendetse mu mchenga wotere muona tokha timbewu tina tikukakamira. Ife galasi la thanki timapukuta ndi maginito awiri, wina mkati wina kunja, kambewu kamodzi kakalowa pakatipo galasi lonse mizere yokhayokha ndipo sizifufutika. Onjezanipo fetereza wokokoloka mminda, sopo wochapira, oyilo wa magalimoto otsukidwa ku mtsinje, mankhwala opopera mbewu, zonsezi mchenga wa mumtsinje umasunga. Mbuna zathu ndi nsomba zolimba, mchenga wakunyanja wotsuka bwino zimakhala nawo bhobho. Koma makorali (tizamoyo tomera pa miyala pansi pa nyanja tooneka ngati zomera), nkhono ndi ti shirimpi ta m'nyanja yamchere tikangolawa ka kopa (mkuwa) kochepa zedi kochokera mu zinthu zoterezi timafa. Alipo anzathu amene anagwiritsapo mchenga wa silika, quartz yemweyo, woyeretsedwa ku fakitale, uja wa mu fyuluta ya swimming pool, zinthu nkuwayendera, sindikana, amangokangana ngati umabweretsa ndere zabulawuni kapena ayi, koma umenewo si wa pa wilibala ayi.

Mchenga umene timagwiritsa ntchito ambirife ndi aragonite. Ndi calcium carbonate, chinthu chomwechija chimene korali amamangira mafupa ake ndi nkhono zambiri chigoba chake. Wina umachokera ku makorali akufa amene mafunde anaswa, wina ku ndere zolimba zotchedwa Halimeda zikafa nkuyoyoka, wina nsomba zotchedwa parrotfish zimakukuta miyala ya korali nkumatulutsa mchenga woyera pochita chimbudzi, pomwe ku Bahamas kuli wina wa timibulu tosalala umene umapangika wokha m'madzi osaya ofunda, umenewo amautcha oolite. Mma shopu mupeza matumba a makampani ngati CaribSea ya ku Florida ndi ena. Kuyesa kwake nkosavuta, tapani supuni imodzi muthire viniga, ukachita thovu nkumalira kuti tsss ndi wa laimu umenewo, quartz sachita kanthu olo mudikire mpaka mawa. Ogulitsa amakonda kunena kuti aragonite akusungirani pH ndi kashiyamu osavutikanso, apa musawakhulupirire kwambiri, chifukwa pa pH ya 8.2 mchengawu susungunuka kwenikweni, umayamba kusungunuka pH ikatsika, ngati mmene zimakhalira pansi penipeni pa mchenga wokuya. Ngati mukusunga makorali olimba kashiyamu wa cha mma 420 ppm (mamiligalamu pa lita) ndi alkalinity, mphamvu ya madzi yoletsa pH kutsika, ya 7 mpaka 9 pa muyeso wa dKH muzisunga nokha poyeza ndi kuthira mankhwala ake kapena posintha madzi. Ubwino weniweni wa aragonite ndi woti salowetsa zoipa m'madzi, ndi wofewa kuposa galasi nde sakanda ngati quartz, ndipo ndi womwe zamoyozi zinazolowera kwawo. Mu thanki ya mbuna nzosiyana, kumene madzi a pa mpopi ali ofewa ngati madera ena a ku Britain anthu amathira korali woswa kuti pH ikwere ifanane ndi ya nyanja yathu ndipo kumeneko zimathekadi.

Nkhani yaikulu ndi kukula kwa timbewu take ndi kuya kwake, ndipo zimenezi simusankha ndi maso kuti uwu ukuwala bwino, mumayamba mwafunsa kuti kodi mukhala ndani mu thankimo. Kuti timvane, ganizani za ufa wa mgaiwa, shuga ndi mphale. Wosalala uja timbewu take sitifika milimita imodzi, wapakati ndi milimita 1 mpaka 2, pomwe korali woswa amayambira 2 mpaka 5 olo kuposa.

Wosalala ndi wokongola zedi, thanki imaoneka ngati gombe lenileni, koma pampu ikangolimba umauluka, umakaunjikana pakona galasi la pansi nkukhala poyera, wina nkumagwera pamwamba pa makorali nkumawavutitsa. Korali woswa sauluka olo muike pampu ya mphamvu bwanji koma mmipata mwake mumalowa zakudya zotsala ndi zitosi za nsomba, zimaolera mmenemo, naitireti ndi fosifeti, zimene zimadyetsa ndere ngati fetereza, nkumakwera, ndere zobiriwira nkuphimba miyala yonse mwini wake nkumadabwa kuti bwanji ndikusintha madzi sabata ndi sabata. Kale anthu ankamukonda chifukwa ankayika fyuluta ya pansi pa miyala imene imafuna madzi azidutsa, pano ambiri anazisiya. Munthu woyamba kumene ine ndimamuuza kuti atenge wapakati uja, sauluka msanga, susunga litsiro lambiri, ndipo nsomba zambiri zokumba zimautha.

Tsono za nsomba. Asodzi akunyanja kwathu amamudziwa chimbenje, uja amadzikwirira mu mchenga khoka likamadutsa, ndipo amadziwanso mmene chambo chachimuna chimakumbira chisa chake pansi. M'nyanja yamchere zilikonso zotere zambiri. Ma wrasse, nsomba za m'makorali, a mtundu wa Halichoeres, Coris ndi Macropharyngodon dzuwa likalowa kapena akadzidzimuka amalowa mu mchenga ndi mutu, thupi lonse psiti, kutuluka mmawa. Nsomba yotere mukaiyika pa korali woswa imadzicheka pakamwa ndi mthupi, mabala aja amalowa matenda, mukaiyika pa galasi lopanda kanthu imasowa pogona imangozungulira mpaka kufooka. Imafuna mchenga wofewa wa masentimita 5 kapena kuposerapo pang'ono. Pali goby wina wa madontho a olenji, Valenciennea puellaris, ameneyo tsiku lonse ntchito yake ndi kubwira mchenga mkamwa nkumautulutsira mmbali mwa mutu mopumira muja, akusefa tizilombo todya, mchenga ukakhala wa mibulu ikuluikulu sangathe, komanso thanki ikakhala yatsopano mulibe tizilombomo amaonda mpaka kufa ngati simumudyetsa mwapadera. Jawfish amamanga una woimirira ngati chitsime, amafuna mchenga wokuya masentimita 10 mpaka 15 wosakaniza ndi timiyala ndi tizigoba toti azitchingira mmbali mwa unawo kuti usagumuke. Nde pali ubale wina umene ine sinditopa kuuonerera, wa pistol shrimp ndi goby wake, shirimpi uja saona bwino nde amakumba una nkumatuta mchenga tsiku lonse, goby amakhala pakhomo kulondera, shirimpi akamatuluka amagunditsa kanyanga kake pa thupi la goby, chikangobwera choopsa goby amagwedeza mchira onse awiri loweee mu una. Zimenezi mungazione pa balaza panu pomwe ngati mwawapatsa mchenga wosakaniza, wosalala wokhawokha una umangogwa.

Koma clownfish amene ambiri mukumufunayo alibe nazo ntchito za mchenga, olo pa galasi lopanda kanthu amakhala mpaka kuikira mazira. Nde ngati ndi iyeyo ndi tinzake tochepa, kamchenga kochepa ka masentimita 2 kapena 3 kakwana.

Pa kuya apa mpamene anthu a ntchito yathu amakangana mpaka lero. Zitosi za nsomba zimatulutsa amoniya amene ndi poizoni, mabakiteriya ena amamusandutsa naitiraiti, ena nkumusandutsa naitireti amene ndi wochepa ululu koma akachuluka amadyetsa ndere nkudwalitsa makorali. Mabakiteriya amenewa amafuna okosijeni nde amakhala pamwamba pa mchenga ndi pa miyala. Kuli ena amene amagwira ntchito kumene okosijeni wachepa, amenewo amatenga naitireti nkumusandutsa mpweya wa naitirojeni umene umangotuluka m'madzi ngati timathovu. Chifukwa cha amenewa anthu anayamba kuyala mchenga wosalala wokuya masentimita 10 mpaka 15 kuti pansi pakhale popanda mpweya. Ku Monaco, Jean Jaubert chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anapanga njira yake yosiya kampata ka madzi pansi pa sefa kenako mchenga wa korali pamwamba, ndipo ma thanki akuluakulu a makorali kumeneko anayenda nayo. Ku Berlin anzathu a ku Germany cha mma 1970 anatenga njira ina, kudalira miyala yamoyo, ija ya m'nyanja yodzaza mabakiteriya ndi tizilombo, ndi makina ochotsa litsiro ndi thovu otchedwa skimmer, mchenga wochepa chabe kapena osaika nkomwe. Njira zonsezi zimagwira, palibe wabodza apa. Koma mchenga wokuya umafuna tizilombo tambirimbiri, tinyongolotsi ndi tinkhono, toti tizitakasa pang'onopang'ono, sufuna kuvundulidwa ndi dzanja kapena payipi, ndipo ukalephereka pansi pamada bii, pamapangika hydrogen sulphide uja amanunkha ngati dzira lovunda, tsiku lina mwala ukagwa kapena pampu ikatembenuka nkukumba pamenepo nsomba zonse mupeza zayandama. Wapakatikati wa masentimita 6, 7, 8 ndi umene ndimauda, ndi wokuya moti litsiro limabisala koma wosakwana kugwira ntchito ija bwinobwino, pokhapokha ngati muli nsomba yokumba imene ikuufuna ndipo mwini wake akudziwa chomwe akuchita.

Apa a Mkonzi pali chinthu chimene mabuku ndi mavidiyo a ku Ulaya ndi ku America sanena kwambiri chifukwa iwo magetsi sawavuta ngati ife. Kumudzi magetsi amazima, kunonso tinaziona za load shedding maola ndi maola. Mchenga ndi nyumba ya zamoyo zosawerengeka ndipo zonsezo zimapuma. Pampu ikayima madzi akangoti zii, nsomba zikupuma, makorali akupuma, mabakiteriya a mu mchenga nawonso akupuma okosijeni yemweyo, ndipo madzi a mchere ofunda a madigiri 25 kapena 26 amasunga okosijeni wochepa kuyerekeza ndi madzi opanda mchere. Thanki ya mchenga wambiri wodzaza litsiro mpweya umatha msanga kuposa ya mchenga wochepa woyera, makamaka usiku, makamakanso mu Okotobala kotentha kuja ku Mangochi kapena ku Chikwawa. Nde munthu wa kwathu amene alibe sola kapena inveta ine sindingamuuze kuti ayale mchenga wokuya mu thanki ya pa balaza, ayi ndithu. Ayale wochepa, ausamale, ndalama imene akanagulira matumba enawo agule kapampu ka mpweya ka batire ndi batire loyendetsa pampu imodzi yozunguza madzi. Wofunitsitsa mchenga wokuya auyike mu ndowa kapena kathanki kapadera kolumikiza ndi payipi, koti zikavuta atseke vavu nkukachotsa osakhudza nsomba.

Palinso oti saika mchenga olo pang'ono, galasi lokha, makamaka osunga makorali a nthambi ngati Acropora amene amafuna madzi othamanga kwambiri. Litsiro lonse limaonekera, umangolikoka ndi payipi. Kungoti thanki yotere imachedwa kukhazikika miyezi yoyamba ndipo ma wrasse ogona pansi aja muwaiwale. Thanki yolandirira nsomba zatsopano kapena zodwala yokhayo ndiye isakhale ndi aragonite zivute zitani, chifukwa mankhwala a kopa amene timaphera tizilombo ta madontho oyera mchengawu umayamwa, mlingo wa mankhwala nkutsika osachiza, kenako nkudzamalavula kopa yemweyo mtsogolo.

Za mchenga wamoyo wa mu thumba, uja umabwera wonyowa ndipo umadula kuposa wouma, muli mabakiteriya inde koma tinyongolotsi ndi tizilombo tina tija mulibe, ndipo thumba limene layenda pa thiraki masiku ambiri padzuwa kudutsa Beitbridge kapena Mwanza mukulipira kulemera kwa madzi basi. Gulani wouma, mutsuke mu ndowa pang'onopang'ono mpaka madzi asiye kuoneka ngati mkaka, kutsukuluza komaliza muchite ndi madzi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis) amene amachotsa klorini ndi zina zonse zosungunuka m'madzi, mukayala mupemphe kapu imodzi ya mchenga kwa munthu amene thanki yake ndi yakale yopanda matenda, kapena mugule botolo la mabakiteriya. Wonyowa uja mukagula musautsuke ndi madzi a pa mpopi, klorini amapha zomwe mwagulazo. Kenako kudikira, masabata 4 mpaka 6 mukuyeza amoniya ndi naitiraiti mpaka zonse zifike pa 0. Mkatikati umu mchenga uchita bulawuni, musathamangire kuuchotsa kuti ndagula woipa, ndi tindere totchedwa diatoms timabwera mu thanki yatsopano iliyonse ndipo timatha tokha.

Abale amene mumapita ku Dar es Salaam kukatenga magalimoto, kapena ku Nacala ndi ku Beira, ndikudziwa mukaona gombe mumaganiza zotapa mu thumba la fetereza. Gombe la pafupi ndi tauni ndi doko lili ndi oyilo ndi zonyansa za mma sewa, ndipo zamoyo zimene zili mu mchenga wonyowa zimafera mu thumba pa ulendo, kufika kunyumba nkununkha, mukathira mu thanki ndi amoniya yekhayekha. Kuonjezera apo pali malamulo. Kuno ku South Africa kugwira nsomba za mu thanki m'nyanja kumafuna chilolezo pansi pa Marine Living Resources Act ya 1998, makorali sutenga, ndipo malo ngati Sodwana Bay ali mkati mwa iSimangaliso imene UNESCO inaiyika pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1999, monga inachitira ndi Lake Malawi National Park yathu ya ku Cape Maclear mu 1984. Makorali olimba ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, nde kudutsa nawo pa boda opanda mapepala ndi mlandu olo akhale akufa owuma. Ife amene timakwiya alendo akamaononga nyanja yathu tisakachite zomwezo pa gombe la eni ake.

Kuwerengera kuchuluka kwake, chulukitsani mulitali, mulifupi ndi kuya kumene mukufuna mu masentimita, gawani ndi 1000 mupeza malita, lita imodzi ya aragonite imalemera cha mma kilo imodzi ndi hafu. Thanki ya 120 kwa 45 pa masentimita 3 ndi malita 16, kutanthauza makilo cha mma 24. Yomweyo pa masentimita 12 ndi makilo pafupifupi 100, nde ganizani za mtengo wa katundu pa basi komanso tebulo limene linyamule zonsezo pamodzi ndi madzi ndi miyala. Poyala yambani ndi miyala ikhale pa galasi penipeni, mchenga ubwere pambuyo kuzungulira miyalayo, mukasanja miyala pamwamba pa mchenga shirimpi kapena goby akakumba pansi pake mulu wonse umagwa, ukhoza kupsinja nsomba olo kuswa galasi. Pothira madzi ikani mbale pansi madzi azigwera pa mbalepo.

Kasamalidwe ka wochepa uja ndi kukoka litsiro ndi payipi posintha madzi, chigawo chimodzi lero china ulendo wotsatira, osati thanki yonse tsiku limodzi. Nkhono za Nassarius ndi Cerith zimathandiza kutakasa. Starfish, kanyama kooneka ngati nyenyezi, wosefa mchenga amene ma shopu amakonda kugulitsa musagule pa thanki yaing'ono, amadya tizilombo tonse ta mu mchenga pa miyezi yochepa kenako amafa ndi njala atakwiririka pansi osaoneka. Ndipo mukamasamuka nyumba kapena mukagula thanki ya sekondi kwa munthu, mchenga wakale musabwezeremo mmene ulili, aragonite amagwira fosifeti zaka zonse zimene wakhala mmenemo ndipo ukavundulidwa litsiro lonse limadzuka, sungani kapu imodzi kapena makapu awiri a pamwamba mu madzi a thanki yomweyo kuti akhale mbewu, wotsalawo tayani mugule watsopano.

Pempho langa kwa a ma shopu a ziweto ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene ayamba kuitanitsa zinthu zimenezi, mukamagawa mchenga mu timajumbo tating'ono lembanipo kuti ndi aragonite kapena silika ndiponso timbewu take ndi mamilimita angati, ndipo pa kauntala pazikhala kabotolo ka viniga ndi maginito kuti kasitomala aziyesa yekha asanapereke ndalama.

Ine wanu wowerenga,
Mmalawi wa ku Durban